Miyala Yoyera ya a Abdullah

Nsungwi, Area 25
Lilongwe
Okutobala 2007

Okondedwa Achimwene Pemphani,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu anga a Jemima ndi ana. Chifuwa cha Lydia chija chinaleka? Kuno tikudzuka, kungoti dzuwa lanyanya ndipo madzi pampopi akutuluka akafuna okha. Bambo nawonso akudzuka. Kudzuka kokha.

Mukukumbukira chaka chatha nditakuuzani pafoni kuti Bambo aika penshoni yawo mu kampani yojambula malo kuchokera m'ndege? Munaseka, n'kunena kuti mwini wake, a Luckson Gwanda, adya ndalamazo n'kuthawa. Inenso ndinkaganiza choncho. Tonse tinaphonya. A Gwanda ndi munthu woona, ndipo tsoka lathu lagona pomwepo.

Atangogula masheyawo, Bambo anasanduka mlaliki. M'minibasi yopita m'tauni ankauza aliyense kuti dziko la mawa ndi la mapu, ndipo iwo ali ndi gawo pa ndege. Kondakitala wina anawafunsa ngati gawo lawolo ndi phiko kapena tayala, nanga bwanji akupanikizanabe ndi ife anayianayi pampando. Bambo anaseka kuposa onse.

Kuti chithunzi cha m'mwamba chisanduke mapu, pamafunika zizindikiro zoyera pansi zoti ndege izione. Kampani inkangofuna zochepa m'mbali mwa msewu. Koma Bambo mumawadziwa, sachita chinthu mwatheka. Anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti aliyense aike miyala m'makona a puloti yake n'kuipaka njereza. Ankati malire akaoneka pamapu mikangano itha, mwinanso mapepala a malo adzapezeka. Paja kuno palibe ali ndi pepala. Tonse tinagula kwa amfumu, ndipo malire athu ndi mtengo wa mango ndi dzenje la zinyalala.

Anthu anamvera, poti Bambo ndi mkulu wampingo ndipo sananamizepo munthu. Oyamba kupaka anali a Abdullah, aneba athu okhoma zidebe ndi mbaula aja, mnzawo wa bawo. Akupaka, ankawaopseza Bambo, amene iwo amawatcha Che Gilford, kuti ndegeyo ikawajambula iwo a Abdullah ali m'bafa lawo lopanda denga, Che Gilford alipira mbuzi. Bambo anawayankha kuti chithunzi chotero palibe angachigule.

Tsiku limene kandege kanabwera, Nsungwi yonse inali panja. Mayi Aminah, akazi a a Abdullah, anavala zovala zawo za pa Idi kuti aoneke bwino. Ana ankakupiza zitenje. Ine ndinaima pakhonde n'kumadzifunsa kuti kodi mapu amenewa adzawagula ndani, poti ife tilibe ndalama zogulira. Sindinafunse mokweza.

Wogula anapezeka. Ndi kampani ina yomanga nyumba zosungiramo katundu cha ku Kanengo. Ili ndi mapepala akalekale a malo a mbali ino, koma inkalephera kusonyeza pamene malo ake athera ndi amene analowamo. Mapu anasonyeza zonse. Miyala yoyera ija inaonetsa puloti iliyonse bwinobwino, ngati anthu asayina okha. Kukhoti nkhani sinatalike.

Tsopano nyumba zonse kuyambira kwa a Abdullah mpaka kudambo zalembedwa mtanda wofiira pakhoma. Mzere wa malire wadutsa pakati pa mpanda wathu ndi wawo. Yathu yatsala. Achimwene, bola ikanalembedwa nayonso.

Mwezi womwewo a Gwanda anabwera pagalimoto, masanasana, kudzapereka envulopu ya phindu loyamba la masheya. Anaima pabwalo n'kumauza Bambo mokweza kuti bizinesi yayenda bwino chaka chino. Aneba onse anamva. Muuzeni munthu kuti Bambo sankadziwa kanthu, aone ngati akukhulupirireni.

Pamaliro a Mayi Mwanabibi, ogulitsa mandasi pasiteji aja, Bambo atakhala pansi pagulu la abambo, anthu anayamba kunyamuka mmodzimmodzi ngati aitanidwa. Chipepeso chawo amfumu anachibweza kunyumba, ati anamfedwa akana. Kutchalitchi sanawachotse paudindo. Anangosiya kuwapatsa pemphero.

Bambo anatenga envulopu ya a Gwanda yosatsegula n'kupita nayo kwa a Abdullah. Ndinawaperekeza. A Abdullah sanakalipe, ndipo nkhanza yake inali imeneyo. Anati akudziwa kuti Che Gilford sankadziwa, koma kusadziwa sikuumba njerwa. Anatinso ndalama yogwetsera nyumba yawo sangamangire ina. Kenako anatifunsa ngati timwa tiyi.

A Abdullah anasamuka sabata yatha osadikira chigalimoto chogumula. Akuchita lendi chipinda chimodzi kwa Mgona, iwo ndi Mayi Aminah ndi zidzukulu. Asanakwere lole, anakankha wilibala mpaka pakhomo pathu n'kutsitsa miyala yawo yoyera ija. Anati imeneyi ndi katundu wa kampani, aisunge mwini masheya. Thabwa la bawo analisiya pamwamba pake.

Chiyambire tsikulo Bambo satuluka pageti. Chakudya amangochilawa. Ndege ikamadutsa kupita ku Lumbadzi amalowa m'nyumba. Malaya awo a suti akuwalendewera ngati obwereka.

Ndiye pempho langa ndi ili. Musatumize ndalama, ndalama ndi imene ilipo, ili m'envulopu pansi pa Baibulo ndipo palibe akuikhudza. Bwerani mudzawatenge akakhale kwanu. Musadikire Khirisimasi. Akuti nyumba zija azigwetsa mvula isanayambe, ndipo sindikufuna Bambo adzaonere zimenezo ali pakhonde pawo, khoma lawo lili chilili.

Ine ndalephera. Ndinawauza za Joni, anati sangachoke poti ali ndi katundu wa mwini. Ndinayesa kuchotsa miyala ija, anandiletsa ndi mawu amene sanandilankhulepo chibadwire. Dzulo ndawapeza atagwada, akuipakanso njereza. Nditafunsa, anati fumbi laidetsa, a Abdullah akabwera kudzaitenga aipeze yoyera.

A Abdullah sabwera, Achimwene. Alibe puloti yoti aikepo miyala.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni kumeneko, ndipo akupatseni njira yofulumira.

Ndine mlongo wanu,
Elube