Bokosi la Audrey Limene Munaponya Mumgodi

Mambo, Gweru
23 Juni 2024

Achimwene anga a Sitefano,

Muli bwanji ku Silobelako? Nanga alamu a Noria ndi ana? Chifuwa chija chinakusiyani? Kuno tilipo, koma mtendere m'nyumba muno mulibe. Foni yanga simukuyankha, n'chifukwa chake kalatayi ndapatsira woyendetsa kombi, minibasi yopita kwanuko.

Ndikuuzeni chimene munataya, poti simunafunse.

Mwana wanga Audrey akuchita kafukufuku kuyunivesite. Aphunzitsi ake anaitanitsa mankhwala a kafukufukuyo kunja pa 9 Novembala, ndipo anafika Lachisanu pa 14 Juni. Ndawerenga pakalendala, ndi masiku 218. M'bokosimo munali timabotolo tinayi, madzi ake osakwana ndi dontho la misozi. Dzina lake ndakopera papepala la mwanayu: sulfotransferase.

Akuti thupi la munthu limapanga lokha chinthu chimenechi, koma ichi anachipangira mulabu, sanachitenge mwa munthu. Ntchito yake ndi kumata salifa pa shuga wina wolumikizana ngati unyolo, amene ali m'mawondo ndi m'khungu mwathu. Audrey amafuna kuona mmene kumatako kumayendera. Ine wa Giredi 7 ndinamva. Inunso mukanamva.

Chinthuchi chikafunda chimafa. Bokosi linafika 4 koloko madzulo, wosunga makiyi a firiji yaikulu atapita kumaliro ku Mvuma. Mwanayu anabwera nalo kunyumba losatsegula, poti ayezi wouma amene anali mkatimo akanasunga mpaka Lolemba. Ayezi ameneyo amafuka ndipo amawaula zala. Ndi mmene alili.

Loweruka pa 15 munafika ndi madzibaba wanu, mneneri wa mkanjo woyera, amene anakuuzani kuti golide wathawa mumgodi mwanu chifukwa wachibale akusunga chofuka popanda moto. Audrey anali kutauni. Munang'amba bokosi, utsi unatuluka, munapsa chala, madzibaba n'kuyamba kuyimba. Munati inu ndinu mwini mbumba, za mwana wa mlongo wanu simupempha chilolezo kwa munthu. Munakaliponya mumgodi wakale.

Ndifunse nawo, golide uja wabwerera? Lero ndi tsiku lachisanu ndi chitatu.

Ndinenenso mlandu wanga. Amene anakulozerani kunsi kwa bedi, kumene kunali bokosilo, ndine. Audrey anali atandiuza kawiri kuti pasapezeke wogwira. Ndinaima pakhomo manja kumbuyo, poti tinakula tikuuzidwa kuti mwini mbumba akalankhula mlongo wake satsutsa. Ndinkadziwa kuti mulibe ufiti. Ndinakuopani inu, mwana wanga ndinamusiya.

Atabwera sanalire. Anandifunsa m'Chishona chake chija ngati sekuru, kutanthauza inu malume ake, anayamba afunsa kuti m'bokosimo muli chiyani. Ndinati ayi. Kenako anafunsa kuti nanga ineyo ndinati chiyani.

Lachinayi pa 4 Julayi, 10 koloko m'mawa, akuluakulu a sukulu akhala pansi. Akumuganizira Audrey kuti anagulitsa mankhwalawo. Akamupeza wolakwa amuchotsa, zaka ziwiri za kafukufuku zithere pomwepo. Iye akuti adzanena kuti anaiwala bokosi m'kombi, chifukwa sangatchule malume ake ndi nkhani ya ufiti pamaso pa aphunzitsi.

Mwana akubisa dzina lanu. Inu mwauza kale anzanu a kumgodi kuti Audrey ndi mfiti yophunzira. Eveline, mwana wanu yemwe, wandiuza pafoni akuchita manyazi.

Pempho langa ndi limodzi. Mubwere Lachitatu pa 3, mudzagone kuno, m'mawa mwake tidzapite tonse. Mukanene ndi pakamwa panu kuti munataya ndinu. Ine ndikanena kuti ndinaloza. Madzibaba mumusiye komweko.

Mukapanda kubwera ndipita ndekha, ndikatchula dzina lanu ndi tsiku. Ndipo Audrey akadzapeza banja, musadzadikire kuitanidwa ngati malume. Mawu ndikatula kwa a Danieli, ang'ono anu. Mbumba imene munaiteteza motere ndaichotsa m'manja mwanu.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Eveline ndi Leeroy. Mulungu akusungeni pansi pa nthakapo, mutuluke bwino tsiku lililonse. Kombi yoyamba imanyamuka kwanuko 6 koloko.

Ndine mlongo wanu,
Enala