Mazira Anga ndi Waya wa Alexio

Lolemba, 8 Julayi 2024

Alexio. Alexio yemweyu wa kwa Nachisaka, amene ndikuti ndikwatiwe naye mwezi wamawa. Ndiye wandiwotchera makina anga oswetsera mazira.

Ndinangopita kukwaya. Ndinamusiyira mawu amodzi: akazima, undiimbire. Fyuzi inapsadi. Iye m'malo moimba, n'kudula kawaya ka kopa m'nthambo yakale n'kumanga pamalo pa fyuziyo. Mmene amachitira pa njinga yake yamoto, mmene amachitira amuna onse a kuno. Ine pofika, fungo la pulasitiki mpaka pamsewu. Nthambo zochokera ku batire la sola zasungunuka. Mazira akuzizira, atatsala masabata osakwana awiri kuti aswe.

"Komatu adayaka bwinobwino poyamba, Chikhumbo." Eti adayaka!

Ndamuuza pamaso pa amayi ake ndi atsibweni anga: mazirawa akapanda kuswa, chinkhoswe kulibe. Onse amva. Mazira ndawakulunga m'bulangete pamodzi ndi mabotolo a madzi otentha.

Lachiwiri, 9 Julayi

Chisanu cholowa m'mafupa. Ndinapita ndi makina aja ku Mponela kwa a Bryson okonza zamagetsi. Akuti feni inadzaza fumbi ndi tinthenga, n'kumakoka moto wambiri. Fyuzi sinalakwe, inagwira ntchito yake. Anaswa ina kundionetsa. Kawaya konga tsitsi, kochepetsedwa dala pakati, m'kati mwa mchenga woti uzimitse moto kakamaduka. Moto ukangopyola pang'ono, kamapirira kaye kenako n'kusungunuka. Nthambo zikagundana, kamaduka pompo. Yanga inali ya maampu asanu. Waya wa Alexio ungapirire ngakhale chigayo, ndiye chinapsa ndi china chilichonse kupatula wayayo.

Zimenezi tinaphunzira Fomu 3, iye ndi ine kalasi imodzi. Ankagona.

Makina sangakonzeke msanga. Pobwerera ndapeza bulangete lili pululu, mazira palibe. Ndinakuwa. Amayi akuti Alexio wawatenga, wazungulira nawo mudzi wonse kufunafuna nkhuku zofungatira. Dzira lililonse walilemba C ndi khala. Mwini nkhuku adzatengapo kamwanapiye, mwa nthawi zonse. Amayi ake achotsa mazira awoawo pansi pa nkhuku zawo ziwiri n'kuikapo anga.

Sindinamuyamike. Anawotcha ndani?

Lachisanu, 12 Julayi

Foni zake sindikuyankha. Ndamuona akudutsa, manja onse zilonda zojomphedwa. Chipewa chimene ndinamulukira chili kumutu, ngakhale chimam'khala ngati chikho.

Akuti tsiku lililonse amayendera nkhuku zonse asanapite kukanyamula anthu. Amazilankhula ngati odwala.

Lamulungu, 14 Julayi

Tikutuluka m'tchalitchi atsibweni anandikokera pambali. "Mphwanga, ankhoswe a kuchimuna tiwauze chiyani?" Ndinati mawu ndinanena kale. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kupita.

Nyimbo sindinaimbe bwino. Nanga ngati mazira aja anazizira kwambiri tsiku lija? Ndinanena pagulu. Kubweza sindidziwa, sindinabwezepo chibadwire.

Lachitatu, 17 Julayi

Nkhuku ya a Marita, imodzi mwa zofungatira mazira anga, yathawa. Onse amene inali nawo asukusa. Alexio wabwera kudzandiuza yekha, ataima kunja kwa mpanda ngati wokhometsa msonkho. Akanatha kubisa, sindikanadziwa.

Kenako n'kutsegula pambali pa njinga kundionetsa fyuzi yatsopano, yeniyeni. "Ndidachotsa waya uja. Nditafunsa nambala yake, ogulitsa adandiseka." Ndinati akuseke ndithu. Ndinam'patsa mbatata yootcha, yaing'onoyo.

Atapita ndinalira kuseri kwa khola. Chifukwa cha mazira. Inde, mazira.

Loweruka, 20 Julayi

Sindinapirire. M'mawa ndinapita ndekha kwa amayi ake. Anandilandira ngati palibe chimene ndinanena. "Lowani, mwanawe, mumve nokha." Ananyamula nkhuku yawo yofiira, n'kundiika dzira pakhutu. M'kati tsiyo, tsiyo. Lina labooka kale, kamlomo kali panja. Pansi pa phiko kamodzi konyowa, konyansa, kamoyo.

Alexio anali pakhomo, osalowa. Maso ofiira, munthu wamkulu ndi ndevu zake. "Ndiye chinkhoswe?" Ndinati ayambe wakasamba, akununkha zitosi.

Ndadzera kwa atsibweni kukawauza kuti ankhoswe abwere. Anaseka mpaka kutsokomola.

Makina akadali ku Mponela, ndipo m'nyumba mwathu Alexio sadzakhudza nthambo, ngakhale ya tochi. Koma za waya uja ndathana nazo lero. Sindidzazitchulanso, kwa iye kapena muno.