Mfuti Yomangidwa ndi Waya

Nathenje,
14 Okutobala, 1996.

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti inu ndi amayi muli bwino ku Kasunguko, ndiponso kuti bondo lanu lija lakupatsaniko mpata. Ine kuno ndili bwino, kupatula phewa lakumanja lomwe latupa ngati lalumidwa ndi mavu. Musade nalo nkhawa, ndikulinyadira. Bambo, ndapha mvuu!

Mukudziwa kuti chichitikireni ngozi ya njati chaka chatha, pamene mlenje mnzanga a Mavuto anathyoledwa mwendo, abwana anandichotsa m'tchire n'kundiika pageti la ofesi yathu ya za nyama zakutchire. Chaka chathunthu, mwana wa mlenje ndikutsegulira magalimoto! Ndiye mwezi watha mvuu inakwera mtsinje wa Diamphwe n'kukhazikika padziwe lina pakati pa Mitundu ndi kuno. Inasesa madimba a anthu, n'kugubuduza mayi wina amene ankathirira tomato, moti mpaka pano ali m'chipatala. Masiku ano a matipate anthu sanong'ona ayi. Anafika ku ofesi kudzatiuza kuti tikachedwa akagula mfuti ya AK kumalire a Mozambique aiphe okha. Alenje enawo anali kutali, choncho abwana anandiitana nati, "Calvin, mwayi wako womaliza ndi uno. Ukalephera, mfuti sudzaigwiranso."

Chipinda cha mfuti amasunga ndi a Mavuto tsopano, akuyendera ndodo. Anandiyalira mfuti zitatu patebulo, zonse zokoka bawuti ndi dzanja ukawombera, kachitsulo kolowetsa chipolopolo china kaja. Ya .303 sindinaiyang'ane kawiri, imeneyo ndi ya nguluwe ndi afisi, mvuu imangoipsetsa mtima. Panali .458 yatsopano, yonyezimira, kukamwa kwake kolowa chala. Pambali pake panali .375 yokalamba, thabwa lake long'aluka, lomangidwa ndi waya ngati mpini wa khasu la munthu waulesi. Ine, pofuna kuti anthu andione, ndinatola yaikuluyo.

A Mavuto anaseka. "Mphwanga, wabwera kudzafunsira mbeta kapena kudzasankha mfuti? Chipolopolo choyamba aliyense amawombera. Sankha yoti udzathe kuikoka kachiwiri mtima uli m'khosi."

Tinapita kukaziyesa. Yaikuluyo inandimenya phewa mpaka mano kugundana, ndipo powombera kachiwiri ndinatsinzina isanalire n'komwe. Bawuti lake linali lolimba, lofuna kuti uyambe waitsitsa mfuti paphewa. Koma gogo wa wayayo, Bambo! Bawuti limangoterera lokha. Ndinaika zipolopolo zitatu m'mbale yachitsulo patali mapazi makumi asanu, tsaya langa osachoka pathabwa. Anzanga pageti atandiona nditaikoleka anandifunsa ngati ndikupita kukaopseza akhwangwala. Ndinangoti fisi akagwa m'mbuna salankhula, n'kudutsa.

Apa pali mawu amene akhala akundilemera chaka chonse. Ndinakuuzani, ndipo ndinalemba mu lipoti, kuti tsiku la njati lija mfuti inandikana. Linali bodza, Bambo. Mfutiyo inalibe vuto. Nditawombera koyamba njati inatembenukira kwa ife, manja anga anafa, bawuti ndinalikoka theka, mfutiyo ndinaiponya pansi n'kukwera mumtengo. Njatiyo inapeza a Mavuto ali okha. Iwo anaona zonse, koma sanauzepo munthu, ngakhale akazi awo. Nditasankha mfuti ya wayayi, chimene anachita n'kundiimika kuseri kwa ofesi masiku atatu, kukoka ndi kubweza bawuti mfuti ili paphewa, mpaka chikhatho chinachita matuza. Ndikatopa ankangogogoda ndodo yawo pansi amvekere, "Bwerezanso."

Loweruka dzuwa litangotuluka ndinatsikira kudziwe, anthu nditawasiya pamtunda. Ndinkayang'ana m'madzi, osadziwa kuti mwini wake anali asanabwerere kodya chimanga. Ndinangomva bango likuthyoka kumbuyo. Ndinali nditaima pakati pa mvuu ndi madzi ake, malo amene inu munkandiletsa ndili mwana. Ndinatembenuka n'kuwombera, koma chipolopolo choyamba chinagwera m'munsi, pachibwano. Inabwera kukamwa kuli yasa, nthaka ikunjenjemera. Sindikunamizani, miyendo inafunanso mtengo, koma padambo paja palibe ndi chitsamba chomwe. Ndisanaganize n'komwe, dzanja linali litakoka bawuti mpaka kumapeto n'kulibweza. Itangoweramitsa mutu ndinaika chachiwiri pamwamba pa maso. Inagwada, n'kukhuluzika m'matope, n'kuima mapazi asanu ndi limodzi kuchokera pamene ndinali. Ndinachita kuwerenga.

Mukanamva nthungululu zake! Amayi anandivinira, abambo anandinyamula m'mwamba nsapato zili matope okhaokha. Mwamuna wa mayi wovulala uja anandigwira dzanja nthawi yaitali. Nyama inafika mpaka ku Mitundu panjinga, ndipo dzulo ndaona anthu akuthiriranso mbewu zawo.

Pobweza mfuti ndinaika zigoba ziwiri za zipolopolo patebulo la a Mavuto. Anazitola, n'kuzitembenuza m'manja. "Ziwiri," anatero. "Basi mphwanga, lero mwendo wanga wapola." Ndinalira, Bambo, munthu wamkulu ndi ndevu zanga. Kuchoka pamenepo ndinakalowa kwa abwana n'kuwauza zoona za njati ija. Anandikalipira mokwanira, kenaka analemba dzina langa pa .375 ija. Mawa ndikupita nayo ku Malingunde kukaona za ng'ona ina.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma za mapazi asanu ndi limodziwo musawawerengere. Moni kwa mlongo wanga Masozi ndi ana ake, ndiponso kwa onse a kumpingo. A Mavuto akuti ndikupatseni moni, ndipo pa Khirisimasi ndikufuna kubwera nawo kuti mudzawathokoze ndi pakamwa panu, chifukwa ine mawu akundichepera.

Pempho langa ndi limodzi. Chaka chonsechi mwakhala mukunditeteza pamaso pa alenje anzanu akale, kuti mwana wanu inamukana ndi mfuti. Lekani tsopano. Auzeni kuti anathawa. Mukatero, auzeninso za ku Diamphwe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Calvin