Mpanda wa Kuseri kwa Nyumba Yathu

Okondedwa Achemwali,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno tilipo, kupatula chifuwa cha amayi chomwe chawabwereranso. Koma tandiyankhani chinthu chimodzi: analamula ndani kuti mpanda wa mitengo wa kuseri kwathu uzikhala wautali kuposa denga mpaka kalekale?

Mbiri yake mukuidziwa. Mzungu mwini esiteti atayamba munda wa maluwawu, dona wake anadandaula kuti akamamwa tiyi pakhonde amaona zovala za antchito zili pachingwe. Agogo ndiwo anatumidwa kubzala mpandawo, n'kumausenzera madzi pamutu kuti ukule uwabise iwo omwe. Bwanayo anadula nsungwi yoyezera, nati mpanda usafupike kuposa pamenepo. Bwana anamwalira, dona anamwalira, agogonso anatisiya, zidzukulu za bwana zili kunja. Nsungwi yokhayo ndiyo ikadali pantchito, ndipo ababa, omwe akusamalira mundawu tsopano, amaipaka mafuta kuti isafumbwe.

Dzuwa silifika pakhomo pathu mpaka masana. Makoma ndi onyowa, mabulangete akununkha chinyezi. Adokotala anati amayi asamagone m'nyumba yotere. Nditawauza ababa, anati agogo anakhalamo osadandaula. Ndinapita kwa a manijala, ndi pepala lojambula bwinobwino momwe tingafupikitsire mbali imodzi yokha. Iwo anati alendo amalipira kuti aone munda monga unalili kale, kenaka anandifunsa ngati digiri yanga ya zaulimi yandipezera ntchito. Zinandilasa, chifukwa sinandipezere.

Tsono ndiulule. Lolemba lapitali, ababa atapita kukagula mankhwala a maluwa, ndinatenga makwerero ndi chikwanje n'kugwetsa mpanda wa kuseri kwathu mpaka kufika pachifuwa. Amayi anangotulutsa matiresi n'kuyanika padzuwa.

Ababa atabwera anaima nthawi yaitali, manja kumbuyo. Ine ndinkadikira mbama. Iwo anangofunsa ngati zaka zinayi za ku yunivesite anatiphunzitsa kudula ngati padya mbuzi. Anati pa esiteti ino sipanaonekepo mpanda wokhota chiyambire nthawi ya agogo, ndipo zimenezo siziyambira pa mwana wawo. Anamanga chingwe, n'kutenga sizasi yawo yaikulu ija, n'kuusalaza wonse ngati tebulo. Ndinawaletsa, achemwali. Anati ndisendere uko, ndikuwatchinga.

M'mawa mwake a manijala ali pakhonde ndi alendo anaona matiresi a amayi. Anawaitana ababa n'kuwauza kuti mwezi uno ukatha asiye ntchito, atulukenso m'nyumba. Ndinathamangira ku ofesi kukanena kuti wadula ndine. Anandiseka. Anati dzanja lowongoka chotero si la munthu wa mabuku, ndipo ntchito ya ababa angaizindikire ngakhale atatsinzina.

Chikundipweteka kwambiri n'chakuti ababa akuvomera. Akuti lamulo lathyoledwa, sizasi inali m'manja mwawo, nkhani yatha. Zaka makumi atatu ndi zinayi m'munda umenewu, lero ayamba kupempha makatoni kwa ophika a kunyumba yaikulu. Ndikawalankhula akuti ndalankhula kale ndi chikwanje. Amayi nawo akuti usiku wachitatu tsopano agona osatsokomola, koma akunena monong'ona ngati aba.

Chonde, achemwali, aimbireni foni. Inu amakumverani. Auzeni asasayine pepala lililonse, ndiponso aleke kulongedza. Mukafuna kundikalipira ndikalipireni, koma yambani mwalankhula nawo.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti amalume awo sanawaiwale.

Ine sindinakhale chete. Tsiku lija ndisanatsike pamakwerero ndinajambula mpandawo pafoni, mwa matama chabe, ababa asanaukhudze. Ukuoneka mochititsa manyazi, uku phiri uku chigwa. Dzulo ndinanyengerera alembi a mu ofesi mpaka anandipatsa keyala ya zidzukulu za bwana. Ndawatumizira chithunzicho pamodzi ndi pepala la adokotala, ndipo ndalemba kuti wolima maluwa wawo sangadule moipa chonchi ngakhale atamwa, wadula ndine.

Ndine mlongo wanu wotsiriza,
amene mumamutcha Mafulumira