Chithunzi Chimene Sindinachiimirire

Senga Bay,
Salima.
9 Okotobala 2000

Okondedwa achemwali anga a Dailes,

Kalata yanu ndinailandira Lachiwiri lapitali, ndipo ndaiwerenga kanayi. Ndathokoza Mulungu kumva kuti inu, alamu ndi ana muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti kwatentha monga mukudziwira Salima wa mwezi uno. Kumanda kwa amayi ndinakalimirako sabata yatha, ndipo mtanda uja sunagwe ayi.

Mwandifunsa zinthu ziwiri. Choyamba, ngati mayi amene abwana anu anakuonetsani pa kompyuta, atamva kuti kwanu ndi ku Salima, ndi amayi athu. Chachiwiri, mukuti ndikutumizireni chithunzi chija amayi anakuuzani m'kalata kuti ndinawajambula atavala yunifolomu ya Chigwirizano, kuti mukhale nacho pakhoma popeza pamaliro simunathe kubwera. Ndikanatha kukuyankhani mwachidule monga ndakhala ndikuyankhira anthu kuno, koma kunama ndatopa nako.

Inde, ndi amayi. Maso anu sanakunamizeni. Ndipo amene anawajambula ndi malaya ong'ambika aja si mzungu wa ku loji monga mukuganizira. Matemberero onse munalemba patsamba lachiwiri aja afika kwa mwini wake, chifukwa wojambulayo ndine.

Mukukumbukira kuti kale kuyenda ndi kamera paboma kunali kudziputira mavuto, ankakufunsa kuti ukujambulira ndani. Zipani zitachuluka aliyense anayamba kujambula chimene wafuna, ndiye chaka chatha tinayambitsa kagulu ka ojambula, n'kukatcha Diso la Salima. Tilimo anthu khumi ndi mmodzi, aphunzitsi, akalaliki ndi anamwino, onse obwera ndi ntchito kuchokera m'maboma ena. Mwana wa kunyanja kuno ndine ndekha, ndipo zimenezi sindinkazilengeza. Palibe amene amalipidwa. Filimu amatitumizira anthu ena odzipereka a kunja, amene amasonkhanitsa zithunzi za m'mayiko osiyanasiyana n'kumaziika pa intaneti, mmene munazionera inumo. Wapampando wathu ndi a Fiskani, munthu amene anawerengapo buku limodzi la zojambula ndipo mpaka lero sanachire. Ine ndine mlembi, poti ndine mphunzitsi ndipo amati dzanja langa limalemba bwino.

Ndikufotokozereni mmene timachitira, kuti mumvetse pamene ndinagwera. Filimu imabwera kamodzi pa miyezi itatu. Tikajambula imapita kukatsukidwa ku Lilongwe, ndipo zithunzi zimabwerako zili ndi manambala okha, popanda dzina la mwini. Loweruka timaziyala pamadesiki m'kalasi, aliyense n'kupatsidwa zitsekerero zitatu za mabotolo zoti aike pa zithunzi zimene zamugwira mtima. A Fiskani amati imeneyi ndiye demokalase. Zopambana zimabwerera ku Lilongwe kukalowetsedwa mu kompyuta, ndipo anzathu akunja aja akachikonda chithunzi amachiikira nyenyezi. Zolephera amazikweza m'mwamba chimodzichimodzi, gulu n'kunenapo chimene chalakwika. Akatha, mwini wake amaimirira, n'kunena kuti "Nchanga," n'kutenga chithunzicho ndi negetivu yake. Chimene palibe wachiimirira chimaponyedwa m'katoni ya zinyalala.

Mu Febuluwale amayi anamva kuti ndili ndi kamera. Mukudziwa kuti chibadwire sanajambulitsepo, kupatula kachithunzi ka pa chiphaso chovotera, kamene kananyowa m'basiketi ya nsomba nkhope n'kufufutika. Anandiitanitsa Loweruka lina. Ndinawapeza atasita kale bulauzi yoyera ndi ayironi ya makala, siketi yakuda ili pa mpando, duku atalichapa dzulo lake. Nsapato anabwereka kwa mayi Agnes, mtsogoleri wawo wa Chigwirizano. Manja anawatsuka ndi ndimu kawiri, ngati kuti fungo la usipa limaoneka pa chithunzi. Tinayenda mpaka kutchalitchi, anakaima pakhoma la kutsogolo, Baibulo ataligwira pachifuwa ndi manja onse awiri.

"Yakobo, nsapatozi zionekenso," anatero. "Si zanga, koma zioneke."

Ndinati, "Amayi, sekani pang'ono."

"Ndiseke ndili mu yunifolomu? Jambula, mwanawe, dzuwa likuotcha."

Nditajambula anapumira m'mwamba, n'kuvula nsapato zija pomwepo kuti zisade pobwerera. Panjira anandiuza kuti, "Utsukitse ziwiri. Chinacho ncha Dailes, ana ake aone kuti agogo awo amavala."

Lolemba lake ndinabwereranso kunyanja masana, osawauza. A Fiskani anali atatiphunzitsa kuti chithunzi chenicheni ndi chimene mwini wake sakudziwa kuti akujambulidwa, ndiye ine ndinabisala kuseri kwa bwato ngati mbava. Amayi anali pathandala akutembenuza usipa. Anavala malaya a malemu abambo ong'ambika paphewa aja, chitenje chofwifwa, opanda nsapato, kukamwa kuli yasa poti amakalipira akhwangwala. Ndinajambula n'kuchoka osawapatsa ngakhale moni. Chimenecho ndicho chithunzi munachiona.

Tsiku losankha, chithunzi cha pathandalacho chinalandira zitsekerero khumi ndi zisanu ndi zinayi. Chiyambire gulu lathu palibe chinafikapo pamenepo. A Fiskani anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Uwu ndiye moyo weniweni. Nchayani chimenechi?" Ndinaimirira msanga, mpando mpaka unagwa. Mayi Joyce, kalaliki wina wa pakamwa pakuthwa, anafunsa kuti mayi wa pa chithunziyo ndani. Achemwali, ndinayankha kuti, "Ndi mayi wina wake woyanika usipa ku Senga Bay." Mawu a Chingerezi amene munawerenga m'munsi mwake aja, akuti mayi wosauka wa m'mbali mwa nyanja, ananena ndi a Fiskani, koma analemba ndine, ndi dzanja langa lolemba bwino lija.

Kenako tinafika pa zolephera. Nambala 27 chinali chithunzi cha amayi cha yunifolomu. Panalibe chitsekerero ngakhale chimodzi, ngakhale changa. Ziwiri ndinali nditaika pa chithunzi changa chopambanacho, chachitatu pa mpunga wa ku Chinguluwe umene anajambula a Fiskani, kuwasangalatsa. Kunena zoona chithunzicho chinatuluka bwino. Bulauzi inayera mbee, nkhope yonse inaoneka, ngakhale kachipsera ka pachibwano kaja.

A Fiskani anachikweza m'mwamba. "Taonani, anzanga. Izi ndi zimene ndimakana tsiku ndi tsiku. Munthu wangouma gwaa ngati wameza mpini. Izi nza ku situdiyo, si zathu ayi."

Mayi Joyce anasendera pafupi. "Nsapatozo nzobwereka. Taonani kuchidendeneko, mwatsala malo olowa dzanja."

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ine ndinaseka nawo. Sindinaseke kwambiri, koma mano anaoneka, ndipo Mulungu anaona. Chimene chimandiwawa mpaka lero nchakuti anthu khumi odzitcha Diso anali atangomaliza kuombera m'manja nkhope yomweyo, koma palibe ndi mmodzi yemwe anazindikira kuti ndi mayi yemweyo. Atavala nsanza anawaona, atavala bwino sanawaone.

"Nchayani?" anafunsa a Fiskani. Ine maso ali m'buku. Anafunsanso kachiwiri, kachitatu. Ndinali nditangoimirira kumene ngati katswiri, ndiye ndiimirirenso ngati mwini wa chinthu chimene anthu akuchiseka? Akanandifunsanso kuti mayiyo ndani. Monga mlembi ndinangolemba kuti, "Nambala 27. Chojambulitsa. Chopanda mwini." A Fiskani anachiponya m'katoni pamodzi ndi negetivu yake.

Mumtima ndinkati ndibwerako Lolemba m'mawa anthu asanafike, ndidzachitole. Ndinalawirira ndithu, koma ndinapeza a Mose, alonda a pasukulupo, atatentha kale zinyalala zonse kudzenje. Ndinafukula phulusa ndi kamtengo, iwo akundiyang'ana modabwa. Sindinapeze kanthu.

Amayi atafunsa ndinati chikutsukidwabe ku Lilongwe. Ndinkaona ngati nkhani yaing'ono. Filimu ina inali kubwera mu Meyi, ndikanangowajambulanso n'kupeka chifukwa. Koma mu Epulo anayamba chifuwa chija, ndipo thupi linatha mofulumira kuposa mmene ndinakulemberani. Filimu itafika ndinathamanga nayo kumudzi. Ndinawapeza atakhala pamphasa pakhonde.

"Amayi, tijambulenso china, choposa chija."

Anakweza mkono n'kuuyang'ana. "Ndi thupi ili? Bulauzi ija ikungolendewera. Ndinajambulitsa kale ndili munthu, chomwe chija chikwanira."

Pamenepo mpamene ndikanaulula. Koma ndinaika kamera m'chikwama n'kuyamba kukamba za mtengo wa usipa.

Kuchipatala mu Juni, Lachiwiri masana pa nthawi yoona odwala, anandikoka dzanja. "Anthu a ku Lilongwe aja sanamalizebe?"

"Akuti sabata ya mawa, amayi."

"Nanga amatsuka ndi chiyani, anthu amenewa?" Anayesa kuseka koma chifuwa chinawagwira. Chitawasiya anati, "Chikabwera uyambe watumiza cha Dailes. Changa chisakuvute."

Anatisiya Lachinayi lake. Tinawaika atavala yunifolomu yomweyo, ndipo amayi a Chigwirizano anachita kuimanga ndi mapini kumbuyo kuti iwakhale.

Mu Julayi kunabwera uthenga wakuti anzathu akunja achiikira nyenyezi chithunzi cha pathandala chija. Nchoyamba cha gulu lathu kufika pamenepo. Anandiombera m'manja, a Fiskani anandigwira chanza ndi manja awiri. Anthu atabalalika ndinawapempha kuti chichotsedwe. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati ndinasayina ndekha pepala lakuti chithunzicho tsopano ncha dziko lonse, aliyense atha kuchitenga ndi kuchisindikiza, ndipo anthu a m'mayiko ambiri anachivotera. "Simungafafanize mavoti a anthu, aphunzitsi," anatero. Apo mpamene ndinanena kuti mayiyo ndi amayi anga ondibereka, ndipo anamwalira. Mayi Joyce anali pakhomo, anamva. Anati, "Pepani kwambiri, a Yakobo. Koma nanga bwanji simunanene?"

Ndakhala ndikufuna kudana nawo anthu amenewa, ndipo masiku ena zimatheka. Anabwera kuno ndi masutukesi, usipa amaudziwira m'mbale, koma ndi amene amagamula kuti mayi wa kuno aoneke bwanji pamaso pa dziko. Munthu akadzikonza yekha amati ndi bodza, akamujambula mobera ali m'nsanza amati ndi choonadi. Koma funso la mayi Joyce lija ndilibe nalo yankho. Lamulo lawo linali losavuta, kungoimirira n'kunena liwu limodzi. Za Nambala 27 sindinawauze mpaka lero. Ndipo poti ndayamba kuulula, ndimalize: m'gulumo sindinatuluke. Loweruka lapitali ndinali komweko, ndikugawa zitsekerero. Akuti pa kompyutapo dzina langa lili pafupi ndi nyenyeziyo, ngakhale inu simunalione, ndipo pali kachigawo ka mtima wanga kamene kamakondwa nazo. Ndimanyansidwa nako, koma kalipo.

Ndiye chithunzi chimene mwapempha palibe, achemwali. Sichili ku Lilongwe, sichinasochere ku positi, ndipo sichidzabwera. Chimene chatsala padziko pano ndi chomwe munachiona, ndipo chimenecho sindingathe kuchichotsa. Ndikupempha chinthu chimodzi, ngakhale ndilibe nkhope yopemphera. Ana anu, Linda ndi Gift, musawaonetse. Muwauze ndi pakamwa kuti agogo awo anali aatali, oyenda mowongoka, ndipo akavala zoyera anthu ankapatuka panjira. Inu akukhulupirirani.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ngati muwawerengere kalatayi, muwerenge yonse, musandibisire kanthu. Ana muwauze kuti amalume akuwafuna. Azakhali akupereka moni, miyendo ikuwavutabe. Amayi a Chigwirizano onse akuti moni wambiri, makamaka mayi Agnes, amene akuti amakupemphererani kuti mapepala anu atheke mudzaone manda. Iwowa anakhoma kale msomali m'kachipinda kawo kutchalitchi, pafupi ndi zenera, poti amayi anawalonjeza kuti chithunzi chawo chija chidzakhala cha Chigwirizano. Lamulungu lililonse tikatuluka amandiimitsa pakhomo n'kufunsa ngati chafika, ine n'kumati sabata ya mawa. Ndinu oyamba kumva zoona. Lamulungu likubwerali adzandifunsanso, ndipo yankho lanu lidzakhala lisanafike.

Ndine mlongo wanu, ngati mukundiwerengerabe,

Yakobo