Zithunzi za Ukwati wa Marta Zinali M'kwarentena

Matundo, Tete
19 Agosto 2012

Okondedwa Mana Zulmira,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti fumbi latikwana. Malaya oyera pofika masana amakhala atatuwa. Magalimoto opita ku migodi ya malasha achuluka moti m'mawa shapa, minibasi yathu ija, imatha ola lathunthu ili pa mlatho.

Fulashi ya zithunzi za ukwati wa Marta, imene munapatsira motorisita woyendetsa galimoto ya ku ntchito kwathu, inandipeza Lachiwiri. Mukudziwa mmene zinandiwawira shefi, bwana wathu, atandikaniza tchuthi, mwana wanu woyamba n'kukwatiwa ine kulibe. Ndiye nthawi ya nkhomaliro itangokwana ndinaibaya pa komputadori ya ku ofesi. Mana, mu fulashimo munalibe kanthu. Ndinaizula, ndinaipukuta, ndinaibayanso, koma ayi ndithu.

Ndinaimbira Amadeu, wojambula uja. Anandiuza kuti komputadori yake inapsa ndi magetsi sabata yatha, khadi la kamera anafufuta kale, ndipo zithunzizo zinatsala pa fulashi yokhayo. Ndinayamba kuganiza kuti inu ndi Marta ndikuuzani chiyani.

Mwamwayi masana omwewo kunabwera a Ilídio, bambo amene amatikonzera makomputadori. Atamva dandaulo langa anaseka, nati mwina zithunzizo sizinafe, zangomangidwa. Anandifotokozera kuti antivirusi, pulogalamu yolondera komputadori, ikakayikira chinthu imachitsekera pamalo otchedwa kwarentena. Anati nditsegule ndekha, iwo ataima kumbuyo kwanga, kuti mawa ndisadzawavutitse. Ndinalowa mu antivirusi, ndinapeza polembedwa zonse zimene yagwira, ndipo m'kwarentenamo munali zinthu ziwiri zochokera pa fulashi yanu.

Chimodzi chinali kachilombo kenikeni, ndipo tinakafufuta. Chinacho chinali ndi dzina la Marta. Nkhani yake ndi yakuti Amadeu anamanga zithunzi zonse pamodzi ndi nyimbo kukhala kapulogalamu koyenda kokha, ndiye antivirusi inakatenga ngati mbala. A Ilídio anakapima kawiri, atakhutira anandilozera podina kuti kabwerere. Ndinadina, nyimbo n'kuyamba.

Kenako anandifunsa kuti zinatheka bwanji osaona chenjezo. Apa manyazi anandigwira. Mwezi watha ndinazimitsa machenjezo onse, chifukwa ankangolira ndikamalemba ndandanda ya magalimoto, mutu mpaka kuwawa.

"Mlonda munam'tseka pakamwa nokha, Dona Hortência," anatero a Ilídio.

Tinakonza zoti timauthenga tachabechabe tizidutsa mwakachetechete, koma antivirusi ikagwira chinthu, uthenga uzituluka poonekera n'kudikira mpaka nditauwerenga. Tsopano ndikudziwa pochitira, ndipo dzulo ndinam'konzera mnzanga wa tebulo loyandikana nalo.

Zithunzizo tinaonera ofesi yonse. Marta anatchena zedi, ndipo inuyo ndakuonani mukuvina nsapato zili m'manja. Ngakhale shefi anaima nafe mpaka pamapeto, nati akanadziwa kuti ukwati wa ku Ulónguè umakoma chonchi akanandilola, iyenso n'kukwera nawo.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Mayi ovala nsalu ya kapulana yobiriwira aja ndi ndani? M'zithunzi zisanu ndi chimodzi aima pafupi ndi bambo athu, ndipo pa china akuwakonza kolala ya jekete. Chimwalirireni amayi zaka zinayi zapitazo, sindinawaonepo bambo akuseka choncho, mano onse pamtunda. Musaope, sindinakwiye. Ndinatuluka panja kukalira pang'ono, kenako ndinabwerera kudzaonanso chithunzicho. Mundilembere dzina lawo ndi kwawo, mundiuzenso mtundu wa kapulana umene amakonda, kuti pobwera pa Natale, kudzadya Khrisimasi, ndisadzawafikire chimanjamanja.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Marta ndi mwamuna wake, kwa azakhali a ku Dómuè, ndi ana onse. Bambo muwapatse moni wapadera, koma musawauze kuti ndaona. Ndikufuna adzandiuze okha, ndidzawaone mmene adzayambire.

Ndine mng'ono wanu,
Hortência