Mawu Amene Amake Elube Anafunsa

Mudzi wa Kalembo,
P.O. Balaka.
9 Okutobala 1977

Okondedwa achimwene a Ambrose,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Bulawayo pamodzi ndi alamu ndi ana. Za maliro a mlamu wanu, amake Elube, munamva pa telegalamu. Zimene ndilembe panozi sindikanatha kuuza kalaliki wa ku positi.

Tsiku lomaliza limene tinakhala bwinobwino linali Loweruka, tikutong'ola chimanga pakhonde ndi mwana wathu Elube. Mukudziwa kuti m'mudzi muno wa Fomu 2 ndine ndekha, ndipo za Chingerezi anthu amafunsa ine. Amake Elube analibe nazo ntchito zimenezo, koma tsiku limenelo anayamba okha.

"Bambo ake Elube, kodi kutupa pa Chizungu n'chiyani?"

Ndinati swelling. Atabwereza ndinawaseka kuti lilime lawo n'lolemera ngati mpini.

"Sekani, aphunzitsi opanda sukulu. Nanga kuwawa?"

Apo ndinakhala bwino pampando. Ndinafotokoza kuti pali pain, pali ache, china n'chobaya, china chimangonyeka pang'onopang'ono osaleka. Anafunsa ngati munthu wofooka asanagwire ntchito anganene tired, ine ndinati iyayi, ameneyo ndi weak. Anafunsanso mmene amanenera kuti chinthu chinayamba kalekale. Ndinayankha zonse, achimwene, ndikunyadira kuti mwana akumva nzeru za bambo ake. Koma sindinafunse kuti mawuwo akufuna akawanene kwa yani.

Lolemba anatenga khadi lawo la chipani n'kunena kuti akupita kumsika ku Balaka. Anapita kuchipatala cha mishoni. Ankafuna kulankhula okha ndi dokotala wachizungu, poti womasulira kumeneko ndi bambo wa m'mudzi muno, wapakamwa, ndipo chotupacho chinali pabere. Anawagoneka, ndipo sanatulukenso ndi moyo.

Mwambo wa kuno mumaudziwa. Mkamwini akadziwa za matenda a mkazi osauza eni mbumba, umenewo ndi mlandu, ndipo pomusudzula angathe kumuletsa kupondanso pamudzi, ngakhale kudzaona mwana. Titameta, a Chande, mlongo wa malemu amene ndi mwini mbumba, anandifunsa pamaso pa anthu ngati mkazi wanga anandiuzapo kuti akudwala. Ndinati iyayi. Anandipepesa, n'kunena kuti ndikhalebe pamudzi mpaka Elube amalize Sitandade 8.

Sabata yatha Elube anabwera ndi funso la kusukulu, kusiyana kwa borrow ndi lend. Nditakumbukira Loweruka lija, ndinamuuza kuti akafunse kusukulu komweko. Anandiyang'ana, nati motsitsa, "Ababa, paja amayi anakuuzani. Anangokuuzani m'Chizungu." Sanalire, anangotola mabuku ake n'kutuluka.

Katundu wa malemu ndinali nditamutsekera m'sutikesi, ndikuzengereza, ngakhale azichemwali awo ankadikira kuti agawane. Dzulo ndinapinda zitenje, madiresi, mpango wa kutchalitchi ndi nsapato zimene ankaziumira, n'kusenza pamutu ndekha dzuwa lili paliwombo, anthu akuona, mpaka pakhomo pa a Chande. Ndinatula, ndinakhala pansi, ndipo ndinawauza za Loweruka lija osasiyako kanthu, ngakhale za kuseka kwanga. Anayang'ana sutikesiyo. Kenako anati, "Alamu, itanani ankhoswe anu."

Ankhoswe anga ndinu. Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali ndipo njira yavuta ndi nkhondo ya kumeneko, koma ndilibe wina. Musabwere kudzandikanira mlandu ayi. Mudzangondipemphera kuti akandisudzula azindilola kuona mwana.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Elube ndamufunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Wati ndilembe kuti iye ndi bambo ake ali bwino, ndipo akhala akukudikirani limodzi. Ndalemba monga wanenera.

Ine mng'ono wanu,
Wyson